Motoka yaitali si vani ya kumunda

Aliyense amene anafikako pa nyumba nambala 394 kuno ku Chilenje, pamene a Kenneth Kaunda anali kukhala kucokera mu Januwale 1960 kufikira mu Disembala 1962, anaiona Land Rover yakale ija imene ili pabwalo. Ndiyo inali kuwanyamula m'masiku omenyera ufulu, pamene miseu yambiri ya dziko lino inali ya fumbi m'cilimwe ndi ya matope m'dzinja. Ife amene tinakulira pafupi ndi nyumbayo tinakula ndi maganizo akuti motoka iliyonse yaitali, ya matayala akulu-akulu ndi citseko ca kumbuyo, ndi mdzukulu wa Land Rover imeneyo, ndipo ingapite kulikonse ndi kunyamula ciliconse. Maganizo amenewo andidyera ndalama zambiri ine, ndipo ndaona kuti akudyeranso abale ndi alongo ambiri a mumpingo, makamaka amene ali ndi kamunda kunja kwa tauni.

Pa Sondo, mukatuluka m'chalichi, taimani pang'ono muwerenge mamotoka amene ali pansi pa mitengo. Pakati pa ma Corolla ndi ma Vitz mudzapeza Toyota Harrier, Kluger, Nissan X-Trail, Murano, Honda CR-V kapena Mitsubishi Outlander. Ambiri anapangidwa zaka 15, 20 kapena kuposerapo zapitazo. Eni ake si anthu olemera iai. Ndi aphunzitsi ndi manesi opuma pa nchito, akalaliki akale a m'maofesi a boma, azimai ogulitsa salaula, anthu amene ali ndi maekala asanu ku Chongwe, ku Shimabala, ku Chisamba kapena kwa Mungule. Ena anagula ndi ndalama za penshoni. Ena anagula mu 2023, pamene lamulo linalola mamembala a NAPSA kutengako 20 peresenti ya zopereka zao asanapume pa nchito. Ndalama zotere zimabwera kamodzi cabe pa moyo wa munthu, ndiye cifukwa cake nkhani iyi musaione ngati ya anyamata okonda liwiro.

Inenso ndili m'gulu lomweli. Yanga ndi Harrier ya 2004, ya injini ya 2.4, imene ndinagula kwa munthu wina muno mu Lusaka, ndipo ndakhala nayo zaka 6. Sindinabwere kudzaineneza. Yanditumikira, ndipo ndidzafotokoza m'mene yanditumikirira. Koma ndifuna kuti amene akuganiza zogula adziwe cimene akugula, pakuti safunsa anadya phula.

Tiyambe ndi kugwada pansi. Mukasuzumira kunsi kwa Land Cruiser, Hilux kapena Land Rover yakale, mudzaona zitsulo ziwiri zikulu-zikulu zoyenda kucokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Imeneyo ndiyo chassis, ndipo thupi la motoka limangokhazikidwa pamwamba pake monga denga pa mitanda. Harrier ilibe zimenezo. Pamene a Toyota anaitulutsa koyamba ku Japan mu Disembala 1997, anaimanga pa maziko a Camry, motoka yaifupi ya m'tauni, ndi kuikweza m'mwamba pang'ono. Thupi ndi maziko ndi cinthu cimodzi cowocherera pamodzi. Ku America inagulitsidwa ndi dzina la Lexus RX 300, kwa anthu ofuna mipando yofewa ndi ulendo wopanda phokoso. Mtundu waciwiri, umene ndi wanga, unatuluka mu 2003 ndipo unagulitsidwa ku Japan kufikira mu 2013. Kluger, imene inayamba mu 2000, ndi ya banja limodzimodzi. Opanga amacha mamotoka otere crossover, kutanthauza kuti ali pakati-kati: maonekedwe ndi a motoka ya m'chire, koma mafupa ndi a motoka ya pa tala.

Ndiponso si onse amene amakoka ndi matayala anai. Alipo ambiri m'miseu yathu amene amakoka ndi a kutsogolo cabe, monga Corolla. Wogulitsa angakuuzeni kuti ndi "four by four" cifukwa iyenso anauzidwa tero. Dzionereni nokha. Ngati kunsi kulibe citsulo cacitali ca propeller shaft cocokera ku giyabokosi kupita ku matayala a kumbuyo, ndiye kuti kumbuyoko kumangotsatira. Olo ikhale yokoka ndi onse anai, ilibe giya yamphamvu ija ya low range imene madalaivala a ma Land Cruiser amalowetsa akafika pa dambo. Idzakuthandizani pa mseu woterera wa matope ofiira, koma pa dambo la mwezi wa Febuluwale mudzafunabe ng'ombe za aneba.

Phunziro langa linabwera m'caka coyamba, mwezi wa Novembala. Mvula inali pafupi, mitambo itayamba kale kuda, ndipo ndinali ndi matumba 10 a fataleza, asanu a D Compound ndi asanu a urea, ofunika kufika ku munda wathu kuseri kwa Chongwe. Mwini Canter amene ndinakambirana naye anachula mtengo umene ndinauona ngati wokwera. Ndinati mumtima, nanga motoka yaikulu ndinaigulira ciani? Tinagoneka mipando ya kumbuyo, tinalonga matumba onse, pamwamba tinaikapo mbeu ndi makasu, ine ndi amai a kunyumba tinakhala kutsogolo. Pa Great East Road zonse zinali bwino, kungoti mphuno ya motoka inali kuyang'ana kumwamba ngati ya galu wonunkhiza mphepo. Titapatuka pa tala kulowa mseu wa miyala, tisanayende makilomita 5, tinamva kugunda kunsi. Paipi ya utsi inathyoka pa mwala, ndipo pobwerako motoka inali kudumpha-dumpha kumbuyo ngati ngolo ya ng'ombe. Mashoko onse awiri anali atatulutsa mafuta, sipuling'i imodzi itakhala pansi, mabushi atang'ambika. Ndalama zimene ndinalipira kwa makanika zikanalipira Canter ija maulendo anai, ndipo kumunda sindinapondeko milungu iwiri, anzanga ali kubzala.

Pambuyo pake ndinakhala pansi ndi kuwerenga. Thumba limodzi ndi makilogiramu 50, khumi ndi 500, theka la tani. Pa mapepala a ku Japan, polemba kulemera kwa motoka yodzaza, amawerengera munthu mmodzi makilogiramu 55. Ya mipando isanu ndiye kuti amaiwerengera makilogiramu 275. Zoona, imapirira kuposa pamenepo, pakuti anthu amayenda ndi masutukesi ao, koma palibe amene anaipangira theka la tani pa mseu wa mabampu. Ndipo tinene zoona, ndani wa ife a m'bungwe la azibambo amene alemera makilogiramu 55 cabe? Lamulo langa tsopano ndi ili: tikakhala awiri, matumba anai, tikakhala asanu, zikwama zathu basi. Cimanga, malasha, simenti, manyowa a nkhuku, zonsezo ndi za Canter.

Nanga n'cifukwa ciani motoka yooneka bwino cotere imapezeka pa mtengo umene mphunzitsi wopuma angakwanitse? Ku Japan motoka yatsopano imapimidwa ikakwanitsa zaka 3, ndipo pambuyo pake zaka ziwiri zilizonse. Kupimitsa kumeneku, kumene iwo amakucha shaken, kumadya ndalama zambiri, ndipo motoka ya petulo ikapitirira zaka 13 msonkho wake umakwera. Mwini wake amaona kuti ndi bwino kuigulitsa ndi kugula ina. Popeza a ku Japan amayendetsa kumanzere monga ife, ciongolero cili kumene ticifuna. Motoka imakwera sitima ya pamadzi kufika ku Dar es Salaam, ndipo kucokera kumeneko dalaivala amaiyendetsa kudzera pa Tunduma ndi Nakonde, kutsika ndi Great North Road, ulendo wa makilomita pafupifupi 2,000. Ena amadzera ku Durban kapena ku Walvis Bay. Tsono mtengo umene mwana wanu amakuonetsani pa foni ndi wa motoka imene ikali kutsidya kwa nyanja. Onjezanipo za sitima, za kupimitsa isananyamuke, za pa doko, za ejenti, za dalaivala ndi mafuta ake, ndiyeno msonkho wa ZRA, umene umayendera zaka za motoka ndi kukula kwa injini yake. Pamene ifika pa geti, si zacilendo kupeza mtengo uja utawirikiza kawiri.

Koma ambiri a ife sitiitanitsa ku Japan. Timagula imene yayenda kale zaka zambiri muno, yadutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu. Apa ndi pamene pafunika maso, pakuti cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Motoka yotsukidwa bwino, matayala opakidwa polishi, siuza munthu za injini. Manambala a makilomita pa dashibodi musawakhulupirire kwambiri, amabwezedwa m'mbuyo. Yang'anani m'mene ciongolero, mpando wa dalaivala ndi zopondera zathera. Pitani m'mawa injini isanalizidwe, muimve ikuyamba ili yozizira, muone utsi wake. Tengani makanika wanu, osati wa wogulitsa. Ndipo musapereke ngwee olo imodzi musanaone white book ndi kuyerekeza nambala ya chassis ndi ya injini zolembedwamo ndi zimene zili pa motoka. Ine ndinalakwa pamenepa. Manambala anali bwino, koma dzina la mu white book silinali la amene anandigulitsa. Linali la mwini wake wakale amene anali atasamukira ku Kabwe. Kuti ndisinthe umwini ndinafunika kuwapeza munthuyo, ndipo zinanditengera miyezi itatu ndi maulendo awiri a basi. Mwamwai anali munthu wabwino, ndipo anali moyo. Akanakhala kuti anamwalira, nkhani ikanalowa m'manja mwa oyang'anira cuma ca masiye, ndipo amene anaonapo milandu yotere adziwa kutalika kwake.

Mimba yake

Ma Harrier a mtundu wanga ali ndi injini za 2.4, 3.0 kapena 3.5. Yanga, imene ndi yaing'ono pa zonsezi, imayenda makilomita 8 kapena 9 pa lita imodzi m'tauni, ndi 10 kapena 11 pa mseu wautali ngati sindithamanga. Anzanga a 3.0 amakamba za makilomita 6 kapena 7 akakhala pa mzere wa mamotoka wa pa Chilimbulu Road kapena Burma Road m'mawa. Kale sitinali kusamala kwenikweni. Koma mu Disembala 2021 boma linacotsa thandizo lake pa mitengo ya mafuta, petulo inakwera kucoka pa K17.62 kufika pa K21.16 pa lita, ndipo mu 2022 a ERB anayamba kulengeza mitengo mwezi ndi mwezi. Mu 2024, caka ca cilala cija, petulo inapitirira K30. Mtengo umakwera ndi kutsika, koma njala ya injini sisintha.

Tiyeni tiwerengere pa K30 kuti masamu akhale osavuta. Kucokera pa geti langa kufika ku munda ndi makilomita 60, kupita ndi kubwera 120. Amenewo ndi malita 13, kapena K390, osawerengera toll gate ya ku Chongwe. Kupita pa Ciweru ciliconse ndiye kuti K1,560 pa mwezi. Mlimi aliyense adzifunse: kodi dimba langa litulutse mabokosi angati a matimati, mitolo ingati ya repu, kuti ku Soweto Market ndipezeko K1,560 ya mafuta okha, ndisanawerenge mbeu, mankhwala ndi aganyu? Ine nditawerenga ndinapeza kuti miyezi ina ndinali kulimira filling station. Ulendo wa kumudzi ku Chipata, makilomita pafupifupi 570 kupita kokha, umafuna malita oposa 100 kupita ndi kubwera, ndiye kuti ndalama zoposa K3,000. Munthu ali yekha angacite bwino kukwera basi pa Intercity. Koma mukakhala anai kapena asanu, ndi katundu wa ku maliro, pamenepo motoka iyamba kudzilipira.

Pamwamba pa mafuta pali zija za caka ndi caka zimene sizisamala kuti motoka yayenda kapena yagona: road tax, msonkho wa utsi umene umakula ndi kukula kwa injini, fitness, ndi inshuwalansi. Palinso matayala, amene pa motoka yotere ndi akulu ndiponso odula kuposa a Corolla. Ambiri timathawira ku matayala a salaula. Ngati mwatero, phunzirani kuwerenga msinkhu wa tayala. M'mbali mwake, kumapeto kwa mzere woyamba ndi malemba akuti DOT, muli manambala anai: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi caka. 2315 atanthauza sabata la 23 m'caka ca 2015. Tayala lingakhale ndi mano onse koma mphira wake utauma, ndipo lotero limaphulika pa tala yotentha ya mu Okutobala muli ndi banja lonse m'kati.

Za injini ndikambe zimene makanika ndi zaka zandiphunzitsa. Ya 2.4, imene pa mapepala imalembedwa 2AZ-FE, ili ndi cheni m'malo mwa lamba, motero simuvutika ndi timing belt. Koma ikakalamba imadziwika ndi kumwa oilo pang'ono-pang'ono popanda kudontha pansi. Amene amadikira nyali yofiira kuti iyake amapeza kuti acedwa kale. Ine ndimasolola dipstick pa Ciweru ciliconse ndisananyamuke, ndipo m'buti simusowa lita imodzi ya oilo. Ubwino wake ndi wakuti injini yomweyi ili m'ma Camry, Ipsum, RAV4, Estima ndi Alphard ena, conco masipeya ake ali mbwee m'mashopu a m'tauni, ndipo pafupifupi makanika aliyense wa pansi pa mtengo anaitsegulapo. Ya 3.0, yolembedwa 1MZ-FE, ndi yofatsa ndiponso yamphamvu pa mapiri, koma ili ndi timing belt yofunika kusintha pa makilomita 100,000 alionse, ndipo mukacedwa kusintha oilo imaundana zakuda ngati matope m'kati. Funsani wogulitsa kuti lambayo anasinthidwa liti. Akayamba kuyang'ana kumwamba, cotsani mtengo wa lamba pa mtengo wa motoka. Ma Harrier ena, olembedwa AIRS, ali ndi mashoko a mpweya m'malo mwa masipuling'i. Ndi okoma akali moyo, koma akabooka mudzapeza motoka itagwada m'mawa ngati ng'ombe yodwala, ndipo ambiri amangowacotsa ndi kuikapo wamba. Ma Murano ambiri, ndi ma X-Trail ambiri a kuyambira 2007, ali ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, imene imafuna mafuta ake-ake. Mnyamata wa pa galaji akathiramo mafuta a giyabokosi wamba cifukwa ndi ochipa, konzekerani kugula giyabokosi ina.

Cimene ndaona cikupha mamotoka ambiri a anzanga ndi kutentha. Lusaka yakhala pa mwala wa laimu, ndipo madzi athu, makamaka a m'ma borehole, ali ndi laimu wambiri. Suzumirani m'ketulo yanu ya tiyi muone zoyera zimene zimamatirira pansi. Zomwezo ndizo zimatseka timipata ta rediyeta mukamathiramo madzi a pampopi m'malo mwa coolant. M'tauni simudzadziwa kanthu. Mudzadziwira pa mapiri a Manenekela, musanafike pa Luangwa Bridge, motoka itadzaza, dzuwa lili pamutu, singano ya kutentha ikukwera. Injini zimenezi ndi za aluminiyamu, sizipirira kuwira monga zacitsulo za ma Land Rover akale. Mukaona singano yapitirira pamene imakhala masiku onse, imani pambali pamalo oonekera, zimitsani, ndipo musatsegule civundikiro ca rediyeta ikali yotentha. Kukakamiza kuti mufike pamwamba pa phiri ndiko kumapsereza gasket ndi kupinda mutu wa injini.

Madzi a mumseu nawonso ali ndi msampha wao. Mvula ikagwa masiku atatu, miseu ina ya ku Kanyama, Chawama ndi Misisi imasanduka mitsinje, ndipo mwini motoka yaitali amamva ngati ndiye yekha angadutse. Mimba ya Harrier kucokera pansi sifika masentimita 20. Injini ikamwa madzi kudzera pa paipi ya mpweya imaima pomwepo ndi kupinda zitsulo za m'kati, ndipo mawaya ndi kompyuta yake siziyanjana ndi madzi. Ndiponso pansi pa madzi amenewo simuona dzenje kapena ngalande. Ine ndikaona madzi afika pakati pa gudumu la minibasi ili kutsogolo kwanga, ndimabwerera, olo anyamata a pambali aseke.

Motoka ya mpingo wonse

Pali mtengo wina umene sulembedwa pa risiti iliyonse. Tsiku limene motoka yaitali ilowa pa geti panu, imaleka kukhala yanu nokha. Maliro akagwa mu mphakati, foni yoyamba kulira ndi yanu: kukatenga mapoto akulu ku parishi, kukagula nkhuni ndi kabichi, kunyamula azimai okalamba kupita ku Leopards Hill kapena ku Chingwere. Kwaya ikaitanidwa ku Kafue, ndi inu. Cilanga mulilo, kitchen party, matebeto, ndi inu. Ndipo pakati pa usiku mumamva kugogoda pa windo: "Atate, pepani, mwana wadwala."

Sindidandaula za kugogoda kumeneko. Usiku wina wa mvula, ca m'ma 02:00 koloko, ndinanyamula mtsikana wa aneba amene nthawi yake yobereka inafika mwadzidzidzi, magetsi atazima, madzi ali mumseu. Tinamugoneka pa mpando wa kumbuyo pa miyendo ya amai ake, ndipo tinafika pa cipatala ca Chilenje m'mphindi zosakwana khumi. Mwana amene anabadwa usiku umenewo tsopano amandithamangira ndikamatsuka motoka kuti agwireko paipi, ndipo ndikamuona ndimaiwala mashoko onse amene ndagula. Amai anga ondibereka, amene maondo ao analeka kupinda, amakwanitsa kukhala pa mpando wa Harrier popanda kugwidwa dzanja, cimene sakwanitsa mu Corolla imene ili pansi kwambiri kapena mu Hilux imene ifuna makwerero. Pa mahampu ndi maenje a m'makomboni imadutsa osakhula mimba. Ulendo wa ku Chipata umatha msana usanayambe kuwawa. Pa nchito yonyamula anthu motoka iyi ndi yabwino, ndipo ndiyo nchito imene anaipangira.

Koma cikondi sicithira petulo. Zaka ziwiri zoyamba ndinali kucita manyazi kuchula za mafuta, ndipo mwezi wina umene tinaika maliro atatu ndinapeza kuti ndalama za fataleza wa pamwamba zapita mu thanki. Amai a kunyumba ndiwo anaitulutsa nkhaniyi pa msonkhano wa mphakati, ine ndili cete, maso pansi. Panalibe amene anakwiya. Ambiri sanali kudziwa n'komwe kuti ulendo wa ku manda ndi kuzungulira-zungulira kwa masiku atatu a maliro kumadya malita angati. Tinagwirizana kuti pa copereka ca maliro pazicotsedwa kandalama ka mafuta a motoka iliyonse imene yatumidwa, ndi kuti wodwala wa usiku azinyamulidwa popanda funso. Ndikanakonda kuti miphakati ina ikambirane zotere poyera, cifukwa ndidziwa anthu abwino amene anayamba kuzimitsa foni, kapena kunama kuti motoka yafa, kuopa kupempha K100.

Cina cimene ndinaphunzira kukana ndi kupanikiza anthu. Mipando ndi isanu, malamba ndi asanu. Pa maliro anthu amafuna kulowa asanu ndi atatu, ena m'buti. Kukana kumaoneka ngati kunyada, makamaka pamene okanidwa ndi akulu-akulu a mpingo, koma pakacitika ngozi amene adzayankha kwa apolisi, kwa a inshuwalansi ndi kwa abale a ovulala ndi dalaivala yekha. Kunyamula anthu molipiritsa pa motoka imene ilibe laisensi ya nchito imeneyo nakonso ndi mlandu. Ndiye cifukwa cake ndalama za mafuta ndimalandira kwa msungicuma wa mphakati, ndipo m'manja mwa okwera sinditengamo kanthu.

Kwa ife a ku Chilenje palinso nkhani ya pogona pake. Nyumba zathu zambiri ndi zija za khonsolo zimene zinagulitsidwa kwa okhalamo kuyambira mu 1996, m'nthawi ya a Chiluba, ndipo amene anazimanga sanaganizire za motoka yaikulu pabwalo. Ambiri tinamanganso tinyumba ta lendi kumbuyo. Ine ndinagwetsa mbali ya mpanda ndi kudula mtengo wa kotapela kuti geti likule, ndipo amai a kunyumba sanandikhululukirebe za mtengowo. Amene alibe malo amalipira car park usiku uliwonse, ndalama ina ya pamwezi imene anthu saiwerengera pogula. Kuisiya pa mseu ndiko kupereka magalasi a m'mbali ndi batire kwa anyamata oyenda usiku.

Alamu anga, amene apuma pa nchito caka cino, anabwera mwezi watha kudzandifunsa ngati agule Kluger imene anaiona ku Kabwata. Ndinawafunsa kuti afuna kunyamula ciani. Anati mazira ndi zakudya za nkhuku, matumba 20 pa mwezi. Ndinawauza kuti afune vani, olo yakale yosaoneka bwino pa chalichi, kapena asunge ndalama zao azicita hayala Canter. Akanati afuna kunyamula banja, kuyendera munda kawiri pa mwezi ndi kupita kumudzi pa Khrisimasi, ndikanawauza kuti agule, koma ya injini yaing'ono, atapita nayo kwa makanika, ndipo asiye pambali gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zao, pakuti m'miyezi itatu yoyamba adzasintha oilo yonse, mashoko, mabuleki ndi matayala awiri, afune asafune. Anaseka, anati ndikamba ngati munthu amene analumidwapo ndi njoka. Sanandiuzebe cimene asankha, koma ndamva kuti anapitanso ku Kabwata kukaiyang'ana kaciwiri.

Fataleza wa caka cino tagwirizana anthu atatu a minda yoyandikana. Tidzacita hayala Canter imodzi pa Ciweru coyamba ca Novembala, matumba 34 onse pamodzi. Harrier idzatsatira pambuyo ndi mbeu, cigubu ca madzi akumwa, amai a kunyumba ndi adzukulu awiri. Dashibodi yake inang'ambika ndi dzuwa kale-kale ndipo tinaiphimba ndi citenge. Kamai kena kakali kutilankhulira Cijapani m'mawa uliwonse tikaliza injini, ndipo adzukulu amakayankha kuti tauka bwino.